Kodi Mkhristu amasintha bwanji? Kubadwanso, kulungamitsidwa ndi kuyeretsedwa

Likamayandikira tsiku la 18 Okutobala, funso lina limabwerera pa mawailesi a mu Lusaka, m'maminibasi a ku Kulima Tower, ngakhale pamaliro azibambo akakhala pamoto usiku. Tsikuli ndi lija a Edgar Lungu analikhazikitsa mu 2015 kuti likhale lopemphera, kusala kudya, kulapa ndi kuyanjana. Ofunsa amayamba ndi mbiri imene tonse tikuidziwa. A Frederick Chiluba analengeza kuti Zambia ndi dziko lachikhristu pa 29 Disembala 1991, mawuwo analowa m'malamulo aakulu a dziko mu 1996, ndipo kalembera wa 2010 anapeza kuti anthu oposa 95 pa 100 alionse amadzitcha Akhristu. Ndiye amafunsa kuti, nanga ziphuphu, nkhanza za m'banja ndi uchidakwa zikadalipo bwanji?

Funso lomweli limafunsidwanso m'nyumba, mwakachetechete. Mayi wa ku Chawama amene mwamuna wake anapereka moyo kwa Yesu pamsonkhano wachitsitsimutso, nasiya mowa, kenaka n'kuyambiranso patangopita miyezi yochepa, amafuna kudziwa ngati kutembenukako kunali koona. Mnyamata wa m'kwaya amene walapa kambirimbiri kubetcha pa foni, koma malipiro akangolowa n'kubwererako, amadzifunsa ngati Mulungu anamulandiradi.

Mipingo yasinkhasinkha nkhaniyi kwa zaka mazana ambiri, ndipo mayankho ili nawo. Chovuta n'chakuti mayankhowo amakhala m'mawu a kusukulu ya ubusa, ndiye akafika paguwa Lamulungu amasakanikirana, womvera n'kubwerera kunyumba akuganiza kuti zonse ndi chinthu chimodzi.

Zinthu zitatu zimene timazisokoneza

Choyamba ndi chiyambi cha moyo watsopano. Baibulo limachitcha kubadwanso mwatsopano, pa Yohane 3 pamene Yesu akulankhula ndi Nikodemo usiku, ndiponso kutembenuka mtima. Mu Lusaka ambiri amangoti munthu wakhala born again.

Chachiwiri ndi kulungamitsidwa, kutanthauza kuti Mulungu wamukhululukira munthu ndi kumulandira ngati wolungama chifukwa cha Khristu. Apa nkhani ndi ya mmene munthu alili pamaso pa Mulungu.

Chachitatu ndi kuyeretsedwa, kusinthika kwenikweni kwa mtima ndi khalidwe, kumene ena amakutcha kukula mu uzimu. Apa nkhani ndi ya lilime, mkwiyo, ndalama, chilakolako, ndi mmene munthu amakhalira ndi anzake.

Pafupifupi mipingo yonse imavomereza kuti zitatuzi zilipo ndipo n'zolumikizana. Imasiyana pa mmene zimalumikizirana komanso nthawi imene chilichonse chimatenga. Mayi wa ku Chawama uja akamayembekezera kuti chachitatu chithe usiku womwewo umene choyamba chachitika, akuyembekezera chinthu chimene ngakhale mipingo yokonda zitsitsimutso siiphunzitsa m'mabuku ake a chikhulupiriro.

Chiyambi: usiku umodzi kapena pang'onopang'ono?

M'mipingo ya Pentekosite ndi ina yambiri ya m'bungwe la Evangelical Fellowship of Zambia, chiyambi chimakhala ndi tsiku lake. Mlaliki amaitana ofuna kulandira Yesu kuti abwere kutsogolo, iwo amapemphera pemphero lakulapa, ndipo pambuyo pake amabatizidwa momizidwa m'madzi. Chitsanzo chimene amakonda ndi cha Saulo, amene ndiye mtumwi Paulo, panjira ya ku Damasiko, pa Machitidwe 9.

A Katolika ndi a Anglican amaika chiyambi pa ubatizo, ngakhale wa khanda, chifukwa Yesu anauza Nikodemo za kubadwa mwa madzi ndi Mzimu. Mwanayo akamakula amaphunzira katekisimu, amalandira ulimbitso, ndipo chimene chinayamba ali wakhanda amachivomereza yekha. A Reformed Church in Zambia, mpingo umene unayambira ku Magwero pafupi ndi Chipata mu 1899, nawonso amabatiza ana, koma amati ubatizowo ndi chizindikiro cha pangano la Mulungu, ndipo mwana akakula amalowa kalasi n'kudzavomereza chikhulupiriro chake pamaso pa mpingo. Iwowa chitsanzo chawo chingakhale Timoteyo, amene Paulo akuti chikhulupiriro chinayamba mwa agogo ake Loisi ndi amayi ake Yunike, ndipo iye anadziwa malembo kuyambira ali mwana. Baibulo silitchula tsiku limene Timoteyo anatembenuka.

Njira zonse ziwirizi zili m'Chipangano Chatsopano. Ndipo za Saulo yemweyo pali mfundo imene imaiwalika: pa Agalatiya 1 iye mwini akunena kuti atatembenuka anapita ku Arabiya, nabwerera ku Damasiko, ndipo panapita zaka zitatu asanakaonane ndi Petro ku Yerusalemu. Kuwala kwa panjira kunali kwa kanthawi, koma kuumbidwa kwa mtumwiyo kunatenga zaka.

Kulungamitsidwa, ndi mkangano wa zaka pafupifupi 500

Taganizirani mmene ambiri timamangira nyumba mu Lusaka muno. Munthu amapeza puloti ku Chalala kapena ku Chilanga, mapepala a umwini n'kutuluka m'dzina lake. Kenaka kumanga kumayenda ndi thumba: chaka chino silabu, chaka chamawa mabuloko kufika pamawindo, kenaka malata. Ambiri amasamukiramo nyumba isanapakidwe pulasitala, mawindo ena atatsekedwa ndi mabuloko. Mukamufunsa ngati nyumbayo ndi yake, ayankha kuti inde. Mukamufunsa ngati yatha, ayankha kuti ayi. Mayankho onse awiri ndi oona.

Martin Luther, amene anayambitsa kukonzanso mpingo ku Germany mu 1517, ndi John Calvin pambuyo pake, anaphunzitsa kuti kulungamitsidwa kuli ngati mapepala aja. Mulungu amawapereka kwaulere, athunthu, pa chiyambi penipeni, kwa munthu amene wakhulupirira Khristu. Kumanga kumatsatira, ndipo kuyenera kutsatira, koma sikuwonjezera kanthu pa umwini. N'chifukwa chake Luther ankati Mkhristu ndi wolungama komanso wochimwa pa nthawi imodzi.

Mpingo wa Katolika unayankha pa msonkhano wa ku Trent, umene unachitika kuyambira 1545 mpaka 1563, ndipo chiphunzitso chake pankhaniyi chinatuluka mu 1547. A Katolika angakuuzeni kuti fanizo la puloti lalekanitsa zinthu zosayenera kulekanitsidwa. Kwa iwo Mulungu akamalungamitsa munthu samangolemba dzina papepala ayi, amamukonzanso m'kati nthawi yomweyo, moti kukhululukidwa ndi kusinthidwa ndi ntchito imodzi imene imatha kukula. Imathanso kutayika ndi tchimo lalikulu, n'kubwezedwa mu sakramenti la kulapa.

Mbali iliyonse inali ndi chimene inkaopa. Achipulotesitanti, a mbali ya Luther ndi Calvin, ankaopa kuti munthu adzayamba kudalira ntchito zake, n'kukhala ndi nkhawa moyo wonse posadziwa ngati wachita zokwanira. A Katolika ankaopa kuti munthu adzanyamula mapepala n'kusiya puloti ili tchire, akumati ndinapulumutsidwa kale. Mantha onse awiriwa ali ndi anthu ake m'mipingo yathu lero, ndipo aliyense wa ife angawatchule.

Pa 31 Okutobala 1999, ku Augsburg, Mpingo wa Katolika ndi bungwe la Lutheran World Federation anasainirana chikalata chogwirizana pa mfundo yaikulu: munthu amalandiridwa ndi Mulungu mwa chisomo chokha, pokhulupirira ntchito ya Khristu osati chifukwa cha kuyenera kwake, ndipo Mzimu Woyera amakonzanso mtima wake ndi kumuitanira ku ntchito zabwino. A Methodist anavomereza chikalatacho mu 2006, ndipo bungwe la dziko lonse la mipingo ya Reformed linachivomereza mu 2017. Kusiyana sikunathe konse, koma mbali zonse zikuvomereza kuti pulotiyo ndi mphatso, ndiponso kuti puloti imene zaka zikupita popanda ngakhale buloko imodzi ikudzutsa mafunso.

Kuyeretsedwa: amagwira ntchito ndani, ndipo imafika pati?

Cha m'ma 400, mphunzitsi wina wochokera ku Britain dzina lake Pelagius anakhumudwa ndi khalidwe lotayirira la Akhristu a ku Rome. Iye ankati ngati Mulungu walamula chinthu, ndiye kuti munthu ali nayo mphamvu yochichita, choncho asiye kupereka zifukwa. Amene anamutsutsa kwambiri anali wa mu Africa muno, Augustine, episkopi wa ku Hippo, mzinda umene lero uli ku Algeria. Augustine ankadziwa kuchokera m'moyo wake womwe kuti kufuna ndi kutha n'zosiyana. Anakhala zaka zambiri akudziwa chabwino koma osatha kusiya moyo wake wakale, amayi ake Monica akumupempherera, mpaka anatembenuka mu 386 ndi kubatizidwa mu 387. Iye anaphunzitsa kuti chifuniro cha munthu ndi chodwala, ndipo chisomo cha Mulungu ndicho chimachichiritsa kuti chithe kufuna zabwino ndi kuzichita. Msonkhano wa ku Carthage wa mu 418 unakana chiphunzitso cha Pelagius.

Kuyambira pamenepo palibe mpingo waukulu umene umaphunzitsa kuti munthu angadzisinthe yekha ndi khama. Palibenso umene umaphunzitsa kuti angokhala pansi n'kumadikira. Ndime imene imagwira zonse ziwiri ndi Afilipi 2:12-13, pamene Paulo akuuza Akhristu kuti agwire ntchito ya chipulumutso chawo ndi mantha ndi kunthunthumira, pakuti ndi Mulungu amene akugwira ntchito mwa iwo kuti afune ndi kuchita. Mawu akuti "pakuti" ndiwo amangirira ziwirizi pamodzi: munthu amalimbikira chifukwa Mulungu wayamba kale kugwira ntchito.

Kusiyana kwenikweni kuli pa funso lakuti kusinthaku kungafike pati munthu asanamwalire. Katekisimu wa Heidelberg wa mu 1563, amene mipingo ya Reformed imaphunzitsa, amati ngakhale anthu oyera koposa ali ndi chiyambi chaching'ono chabe cha kumvera m'moyo uno, komabe amayamba ndi mtima wonse kutsata malamulo onse a Mulungu. John Wesley, woyambitsa Methodist ku England, ankayembekezera zambiri kuposa pamenepo. Ankati Mulungu angathe kudzaza mtima wa munthu ndi chikondi mpaka tchimo ladala litasowa malo, ngakhale munthuyo apitirize kulakwitsa chifukwa cha umbuli ndi kufooka. Chiphunzitso chimenechi chinabala mipingo yotsindika chiyero, monga Church of the Nazarene, Pilgrim Wesleyan ndi Salvation Army, imene ili kuno kwathu. Mumtsinje womwewo munatuluka chitsitsimutso cha ku Azusa Street mu Los Angeles mu 1906, motsogozedwa ndi William Seymour, chimene chinatsindika ubatizo wa Mzimu Woyera ndi kulankhula malilime. A Seventh-day Adventist amaphunzitsa kuti kuyeretsedwa ndi ntchito ya moyo wonse, yokhudzanso thupi: chakudya, mowa, fodya ndi kupumula pa Sabata.

Pa funso lakuti munthu wopulumutsidwa angatayikenso, a Reformed amati amene Mulungu wamugwiradi angagwe koma sadzatayika kotheratu, pamene a Methodist, a Katolika, a Adventist ndi a Pentekosite ambiri amati munthu angathe kuchoka. Koma mukawamvetsera bwino akulangiza munthu amene wagwa, onse amanena chinthu chimodzi: dzukani, lapani, bwererani.

Mmene kumachitikira pakati pa sabata

Apa ndi pamene nkhaniyi imatsika kuchoka m'mabuku. Pa Aefeso 4:22-32 Paulo akupereka njira imene ili yosavuta kumva koma yolemera kuichita: kuvula munthu wakale, kukonzeka m'maganizo, ndi kuvala munthu watsopano. Chochititsa chidwi n'chakuti sakunena za kusiya kokha. Wabodza asiye bodza, alankhule zoona. Wakuba asiye kuba, agwire ntchito ndi manja ake kuti akhale ndi chopatsa osowa. Wamwano asiye mawu owola, alankhule omangirira. Choipa chilichonse chikuchotsedwa poikapo chabwino china m'malo mwake, ndipo chabwinocho chikuloza kwa munthu wina.

Tiyeni tibwere nazo ku Soweto Market. Wogulitsa nyemba amene meda yake anaikankhira pansi m'kati kuti muzilowa zochepa, akatembenuka mtima, kusintha kwake kumayamba ndi kugula meda ina, podziwa kuti phindu litsika. Miyambo 11:1 imanena kuti muyeso wonyenga umanyansa Yehova. Wobwereketsa kaloba amayamba kuona kuti chiwongoladzanja chake chikudya chakudya cha ana a mnzake. Mayi wa ku Kabulonga amene amachedwetsa malipiro a wantchito wa m'nyumba akumana ndi Yakobo 5:4, pamene malipiro obisidwa a antchito akufuula kwa Ambuye. Zakeyu pa Luka 19 sanathere pa kulandira Yesu m'nyumba mwake. Analonjeza kugawira osauka theka la chuma chake, ndi kubweza kanayi kwa aliyense amene anamulanda. Ine ndimaona kuti kubweza ndi mbali ya kulapa imene siimveka kawirikawiri paguwa masiku ano, mwina chifukwa ndi imene imawawa m'thumba.

Kuti munthu afike pamenepo, mipingo ili ndi zizolowezi zimene aphunzitsi amazitcha njira za chisomo: kuwerenga ndi kumva mawu, kupemphera, mgonero wa Ambuye kapena Ukaristia, kusala kudya, kuulula machimo, kupereka, ndi kutumikira odwala ndi osauka. Zimatchedwa njira chifukwa sizigula kanthu kwa Mulungu, zimangomuika munthu pamalo pamene Mulunguyo amakonda kukumana naye. A Katolika ndi a Anglican amasala masiku 40 a Lenti, mipingo yambiri ya Pentekosite imayamba chaka ndi masiku 21 potengera masabata atatu a pa Danieli 10. Onse amawerenganso Yesaya 58, pamene Mulungu akukana kusala kwa anthu amene akupondereza antchito awo tsiku lomwelo.

Pali chizolowezi china chaching'ono chimene Ignatius wa ku Loyola, woyambitsa chipani cha ansembe a Jesuit, anachilimbikitsa: madzulo alionse munthu akhale chete mphindi zochepa, athokoze Mulungu, ayang'ane tsiku lonse kuti aone pamene anayenda bwino ndi pamene anapatuka, apemphe chikhululukiro, ndipo akonzekere mawa. Ubwino wake ndi wakuti munthu amasiya kulapa mwachisawawa. Amayamba kuona kuti mkwiyo wake umabwera akakhala ndi ngongole, kapena kuti amabetcha akakhala yekha usiku ndi foni m'manja. Akadziwa khomo limene tchimo limalowera, amadziwanso chopempherera ndi chosintha.

Ndipo palibe mpingo umene umayembekezera kuti munthu achite zimenezi yekha. Wesley mu 1742 ku Bristol anagawa anthu ake m'timagulu ta anthu pafupifupi 12. Poyamba cholinga chinali kusonkha ndalama zobwezera ngongole ya nyumba yopemphereramo, koma atsogoleri poyendera anthu sabata ndi sabata anayamba kudziwa mmene aliyense akukhalira, ndipo timaguluto tinasanduka malo ofunsana za moyo wa uzimu. A Methodist ali m'gulu la mipingo imene inapanga United Church of Zambia mu Januwale 1965. Maepiskopi a Katolika a m'bungwe lawo la kum'mawa kwa Africa lotchedwa AMECEA, limene Zambia ilimo, pamisonkhano yawo ya 1973 ndi 1976 anagwirizana kuti miphakati, timagulu ta mabanja oyandikana, ikhale maziko a moyo wa mpingo. A Pentekosite ali ndi ma cell a m'makomo. Amayi a chigwirizano, a Dorika, a Anna Woyera ndi ena otero ndiwo amaphika pamaliro, kusambitsa odwala ndi kulangiza atsikana. M'tchalitchi cha anthu chikwi munthu angabisale zaka khumi, koma pakati pa anthu khumi a m'komboni imodzi, amene amamva zochitika m'nyumba mwake kudzera pakhoma, kubisala n'kovuta. Timaguluti timapwetekanso pamene zoululidwa m'pemphero zasanduka miseche ya pampopi, ndipo munthu amene zamuchitikira zotere kawirikawiri saululanso kanthu.

Mphatso, zipatso ndi kumasulidwa

Chisokonezo china chachikulu mu Lusaka chili pa muyeso. Kodi munthu wokhwima mu uzimu timamudziwa bwanji? Ambiri amayang'ana mphatso: malilime, uneneri, machiritso, kulalikira kwamphamvu. Mphatsozi zili pa 1 Akorinto 12, ndipo mipingo imasiyana ngati zonse zikugwirabe ntchito lero. Koma mpingo wa ku Korinto womwewo, umene Paulo akuti sunasowe mphatso iliyonse, akuutcha wa makanda pa chaputala 3 chifukwa cha nsanje ndi ndewu. Muyeso wa kukula uli pa Agalatiya 5:22-23, pa chipatso cha Mzimu: chikondi, chimwemwe, mtendere, kuleza mtima, chifundo, kukoma mtima, kukhulupirika, kufatsa ndi kudziletsa. Pa Mateyu 7:21-23 Yesu akunena za anthu amene ananenera ndi kutulutsa ziwanda m'dzina lake koma iye sanawadziwe. Abusa ambiri a Pentekosite amalalikira ndimezi mwamphamvu ngati wina aliyense.

Nanga kumasulidwa, kumene ambiri amati deliverance, kutanthauza pemphero lotulutsa mizimu yoipa kapena kuthyola matemberero? Nkhaniyi si yachilendo mumzinda uno. Emmanuel Milingo, amene anakhala arkiepiskopi wa Lusaka kuyambira 1969, anayamba mapemphero a machiritso mu 1973, makamu a anthu n'kumakhamukira kwa iye, mpaka anaitanidwa ku Rome mu 1982 ndi kutula udindo mu 1983. Lero mapemphero otere ali m'matchalitchi, m'makalasi a sukulu obwereka Lamulungu ndi m'mapiri.

Ovomereza amaloza ku Mauthenga Abwino, mmene Yesu akutulutsa ziwanda, ndipo amati pali maunyolo ena amene uphungu wokha sungawadule. Okayikira amaloza ku Agalatiya 5:19-21, pamene kuledzera, dama, nsanje ndi kupsa mtima zikutchedwa ntchito za thupi, ndipo amaopa kuti munthu akauzidwa kuti ndi chiwanda cha mowa amasiya kuvomereza mbali yake. Pamene ambiri a mbali zonse amakumana ndi pa Mateyu 12:43-45, fanizo la mzimu woipa umene unatuluka, n'kubwerera n'kupeza nyumba yosesedwa koma yopanda munthu, ndipo unabwera ndi ina isanu ndi iwiri. Ngakhale amene amakhulupirira kwambiri kumasulidwa amavomereza kuti Lolemba likafika munthuyo afunika anzake atsopano, njira ina yobwerera kunyumba yosadutsa pabala, ndi wina womufunsa mmene zikuyendera.

Kugwa ndi kuuma

Petro anakana Yesu katatu. Pa tsiku la Pentekosite analalikira anthu pafupifupi 3,000 n'kubatizidwa. Patapita zaka, ku Antiokeya, anachitanso mantha n'kusiya kudya ndi Akhristu amitundu ina, mpaka Paulo anamudzudzula pamaso pa onse, monga akunenera pa Agalatiya 2. Kufooka kwake kwakale, kuopa anthu, kunabwereranso ngakhale atadzazidwa ndi Mzimu. Pa 1 Yohane 1:8-9 Akhristu akuchenjezedwa kuti akanena kuti alibe tchimo akudzinyenga, ndipo akulonjezedwa chikhululukiro akaulula. Abusa odziwa ntchito safunsa kokha ngati munthu wagwa. Amafunsa ngati akubisa kapena akuulula, ngati amadzuka msanga kuposa kale, ndiponso ngati tchimolo likumuwawa kapena walizolowera.

Palinso nyengo imene munthu sanachimwe chodziwika koma pemphero lauma, nyimbo sizikumukhudza, Mulungu akuoneka ngati ali kutali. Masalimo 13, 42 ndi 88 ndi mapemphero a anthu otere. Makalata a Mother Teresa wa ku Calcutta amene anasindikizidwa mu 2007 anaonetsa kuti anakhala mu mdima wotere zaka zambiri akutumikirabe osauka. Aphunzitsi akale a za pemphero ankati nthawi zina kuumaku ndi kukula kumene, pamene munthu akuphunzira kukonda Mulungu osati kukoma kwa pemphero.

Chifukwa chake nkhaniyi si ya abusa okha

Mmene munthu amamvera za kusintha zimafika m'thumba mwake. Amene amakhulupirira kuti kusintha kumabwera kamodzi, kudzera mwa munthu mmodzi wodzozedwa, amatha kuyenda kuchoka kwa mneneri uyu kupita kwa uyo, akugula mafuta ndi madzi, akubzala mbewu ya ndalama za lendi. Kupereka kuli m'Baibulo, ndipo mipingo imasiyana pa za chakhumi ndi madalitso a chuma. Koma pa Machitidwe 8 Petro anakalipira Simoni amene anafuna kugula mphatso ya Mulungu ndi ndalama, ndipo palibe chiphunzitso mwa zonse tafotokozazi chimene chimaika mtengo pa kuyeretsedwa.

Zimafikanso pa thanzi. Munthu amene wamwa mowa wambiri tsiku ndi tsiku kwa zaka, akasiya mwadzidzidzi angathe kunjenjemera, kuona zinthu zimene palibe, kukomoka ndi kugwedezeka thupi, ndipo zimenezi zimatha kupha. Wotere afunika pemphero komanso chipatala, ndipo Chainama Hills ndi zipatala zina za m'makomboni zimathandiza anthu a vuto la mowa ndi mankhwala osokoneza bongo. Kuuma kwa uzimu n'kosiyananso ndi matenda a maganizo: munthu amene kwa masabata sakugona, sakudya, wataya chidwi ndi chilichonse kapena akuganiza zodzipha, aonane ndi dokotala, ndipo kutero si kuchepa kwa chikhulupiriro. Chimodzimodzi amene akumwa ma ARV kapena mankhwala a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi asasiye chifukwa chakuti wapemphereredwa.

Pomaliza zimafika pa mmene mpingo umachitira ndi ogwa. Mipingo yambiri ili ndi mwambo wa chilango: kuimitsidwa pa mgonero, kuvula yunifolomu ya chigwirizano kapena ya kwaya, kukhala kumbuyo kwa kanthawi, kubwerera m'kalasi. Maziko ake ali pa Mateyu 18:15-17, pamene wolakwa amayamba wauzidwa pa awiri, kenaka pamaso pa mboni, ndipo mpingo wonse umamva pamapeto. Ochirikiza mwambowu amati popanda iwo mpingo umataya mchere wake ndipo ofooka sakhala ndi chowateteza. Odandaula amati chilango chimagwera kwambiri tchimo looneka ndi maso, moti mtsikana woyembekezera amakhala kumbuyo pamene amene anamupatsa mimba, kapena mkulu wa mpingo wodya ziphuphu kuntchito, akukhalabe kutsogolo. Dandaulo limeneli akulu a mpingo ambiri amalivomereza, ndipo m'mabwalo awo amakangana za mmene angalikonzere. Malangizo amene ali nawo ndi a pa Agalatiya 6:1, akuti wogwidwa m'cholakwa abwezedwe ndi mzimu wofatsa, wobwezayo akudziyang'anira yekha, ndi a pa 2 Akorinto 2:6-8, pamene Paulo akuuza mpingo kuti chilango chimene munthu wina analandira chakwana, tsopano amukhululukire ndi kumutonthoza kuti asamizidwe ndi chisoni.